Chiwindi Changa Chinasamukira Kumanzere

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo fupa lililonse lili ndi dzina lake la Chilatini kapena la Chigiriki. Ngati kuti zimenezo sizokwanira, timabowo ndi timitumbira ta pafupalo natonso tili ndi mayina athuathu. Akatswiri a za thupi la munthu atakumana mumzinda wa Basel ku Switzerland mu 1895 anadula mayinawa kuchoka pa pafupifupi 50,000 n'kutsala 5,000 ndi kanthu, ati kutichitira chifundo. Ine chifundocho sindinachione.

Ndili chaka choyamba pa maphunziro a zachipatala, mutu unkangokana. Lero ndaloweza clavicle, fupa la pansi pa khosi, mawa yasanduka scapula, fupa la kuseri kwa phewa. Ndiye mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandiponyera nzeru: "Aise, thupi uli nalo kale. Ukulimbana ndi buku chifukwa chiyani? Dzilembe."

Usiku womwewo ndinavula malaya, ndinatsamiritsa buku pambali pa galasi, n'kutenga cholembera chakuda chonenepa chija. Fupa la pansi pa khosi ndinalemba clavicle. Pakati pa chifuwa, sternum. Nthiti ndinaziwerenga ndi zala n'kuziika manambala. Kenaka ndinalowa za m'kati: chiwindi ndinachijambula chachikulu bwino pansi pa nthiti, ndulu kunsi kwake, kapamba mbali inayo. Ndinaikanso kamtanda pamalo otchedwa McBurney, pamene dokotala amadina akamakayikira kuti appendix yatupa. Ndinagona ndikudzimva ngati pulofesa.

M'mawa, sopo anakanika. Ndinakhula mpaka khungu kufiira, koma zilembo zili gwa. Pacholemberapo panali mawu ang'onoang'ono onena kuti inkiyo siifufutika, amene usiku sindinawaone. Ndinangovala malaya a manja aatali n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Ndani angadziwe?

Tsiku limenelo phunziro linali lofufuza ziwalo pogwira pakhungu la munthu wamoyo. Madamu anamwaza maso m'kalasi kufuna munthu woonda, woti nthiti zake zizioneka osavutikira. Ine kuonda ndiye kwathu.

"Achimwene a mabatani inu, tabwerani kutsogolo. Vulani malaya."

"Madamu, ndili ndi chimfine."

"Chimfine sichibisa nthiti. Vulani."

Nditavula, kalasi yonse inati zii. Kenaka wina kumbuyo anatsamwa, ndipo chikhakhali chinabuka. Zilembo zonse zinali zotembenuka, poti ndinazilemba kuti ndiziziwerenga pagalasi. Madamu sanaseke. Anavala magalasi awo n'kundizungulira pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

"Kwezani dzanja lamanja." Ndinakweza. "Nanga chiwindichi chikutani kumanzere?"

Apa mpamene thukuta linati kamukamu. M'buku, munthu wojambulidwayo amakhala atakuyang'ana, ndiye chiwindi chake chimaoneka kumanzere kwa tsamba. Ine ndinangokopera mmene ndinkaonera, kumanzere kwa tsamba n'kupita kumanzere kwa galasi, osaganiza kuti wa m'galasi uja ndine ndemwe. Chiwindi, ndulu, appendix, zonse zinali zitasamuka.

"Ophunzira, lero tili ndi mwayi," anatero Madamu, nkhope ili gwa. "Pali anthu obadwa ziwalo zitasinthana mbali. Timati situs inversus, munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 10,000. Koma woti anadzisamutsa yekha usiku umodzi, ndayamba kumuona lero."

Anandiimika chilili, mapazi pamodzi, manja m'mbali, zikhatho zitayang'ana kutsogolo. Anati kaimidwe kameneka ndi pamene mayina onse amayambira, kaya wodwala wagona, kaya wapendekeka. Kumanja n'kumanja kwa wodwala, osati kwa womuyang'ana. N'chifukwa chake pa chithunzi cha X-ray amaikapo chilembo R kapena L, chifukwa wodula mwendo akasokoneza mbali palibe pepani amene angaubweze. Apo sanaseke munthu.

Ndinaganiza kuti zatha, koma chala chawo chinatsikira pa fupa la m'chiuno.

"Werengani apa."

"Ileum, Madamu."

"Ileum ya e ndi chigawo chomaliza cha matumbo aang'ono. Fupa ili ndi ilium, ya i. Ndiye inu thalauza mumamangira pa matumbo?"

Mnzanga wa nzeru uja anali atagwetsa mutu padesiki, mapewa akugwedezeka. Ndinamuyang'ana moti akanakhala pafupi, humerus yake, fupa la kumtunda kwa mkono, ikanadziwa.

Choipa kwambiri n'chakuti Madamu anaona kuti ndine chida chabwino chophunzitsira. Anapereka cholembera chofiira, ndipo aliyense ankabwera kudzakonza cholakwa chimodzi. Mtsikana wina amene ndinkamusirira chiyambire chaka ndi amene anabweza chiwindi changa kumanja, akuluma mlomo kuti asaphulike. Anapezanso kuti nthiti ndinayamba kuziwerengera pa yachiwiri, poti yoyamba imabisala kuseri kwa clavicle. Tsikulo ndinatuluka ndili ndi ziwindi ziwiri, chakuda ndi chofiira, ndipo dzina loti Situs linandikakamira mpaka kumaliza sukulu. Inkiyo inachoka ndi sipiliti, dzinalo ayi.

Pa tsiku la mayeso, woyang'anira anali atamva mbiri yanga. Anandiimitsa pakhomo n'kundiuza kuti ndipinde manja a malaya, aone ngati sindinadzilembe mayankho. Madamu ankadutsa ndi mapepala, ndipo sanaime n'komwe.

"Musiyeni alowe," anatero. "Ameneyo akabera za pathupi pake, alephera yekha."