Ntchito ya pakhomo yomwe sioneka ndi maso

Bungwe la ILO, lomwe ndi nthambi ya United Nations yoona za ntchito, linapeza mu 2018 kuti pa dziko lonse amayi amathera maola 4 ndi mphindi 25 tsiku lililonse pa ntchito zosalipidwa zosamalira banja, pomwe abambo amathera ola limodzi ndi mphindi 23. Koma pali ntchito ina yovuta kuiwerengera maola: kukumbukira kuti sopo watsala pang'ono kutha, kusunga m'mutu tsiku la katemera wa mwana, kuzindikira kuti wina wakhumudwa n'kumutonthoza asanayankhule.

Abambo, zimasokonekera pa mawu akuti "mungondiuza chochita". Mukatero, kuganiza konse kwatsalabe ndi akazi anu, inu mwangopereka manja. Tengani ntchito yathunthu. Ngati ndi zovala za ana, muone nokha kuti zada, muchape, muyanike, muanule, mupinde, ndipo mudziwe kuti nsapato zayamba kuthina musanauzidwe.

Amayi nanunso, musamapindenso zovala chifukwa choti mnzanu wapinda mosiyana ndi inu. Mukatero, mnzanuyo amagwa ulesi, mtolo n'kubwerera kwa inu. Gwirizanani kaye kuti ntchito yotha bwino ndi yotani, kenako muzikhala pansi mphindi 15 pa sabata kugawana zomwe zikubwera.