Ndinayambira kumbuyo kwa mixer: mmene ndinasankhira kabokosi ka ma effects

Amene munakhalapo pa perekani-perekani mukudziwa mmene zimakhalira. Nyimbo yafika pokoma, azakhali a mkwati akutsetsereka nayo uku akuponya ndalama m'lichero, basi MC wakweza dzanja: "A DJ, tadulani kaye!" Ukangotsitsa fader, kotsitsira ndi kukwezera mawu, holo yonse imati zii, anthu n'kutsala phazi lili m'malere. Pa ukwati umodzi zimenezi zimachitika kosawerengeka, poti gulu lililonse limafuna nyimbo yakeyake: akuchimuna, akuchikazi, anzawo a kuntchito, amayi a kumpingo. Ndagwira ntchitoyi zaka 6 muno mu Blantyre, m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'ma bridal shower, ndipo kudula nyimbo mwadzidzidzi chonchi kunkandiwawa Loweruka lililonse. Ndinkafuna kuti nyimbo ikamaleka izisiya kamchira, mawu omaliza azibwerezeka n'kumazilala pang'onopang'ono, MC n'kulowa bwinobwino.

Zida zanga n'zomwe ambiri a ife tili nazo: laputopu, controller ya Pioneer DDJ-400 yomwe inatuluka mu 2018, mixer yaikulu ya ma channel 12, masipika awiri apamwamba ndi ma bass awiri. Wina anena kuti echo, kubwerezeka kwa mawu kumeneku, ilimo kale mu rekordbox, pulogalamu ya ma DJ ya pa laputopu, ndipo sakunama. Koma maiki ya MC sidutsa mu laputopu, imalowa pa mixer yaikulu. Nyimbo imene mkwatibwi wabwera nayo pa foni nthawi itatha kale imalowanso pomwepo. Kwaya ikamaimba, chimodzimodzi. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokhala pafupi ndi dzanja, chofikira zonsezi, chosafuna kuti ndizisuzumira pa sikirini.

Miyezi iwiri yoyamba ma bundle anga anathera pa YouTube, ndipo mtima unakhazikika pa RMX-1000, kabokosi ka ma effects kamene a Pioneer anatulutsa mu 2012. Ndinakwera minibasi kupita ku Chilomoni kwa mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Iye amabwereketsa zida zikuluzikulu ndipo ndinkadziwa kuti ali nayo. Ndisanamalize n'komwe kulongosola anandidula pakamwa.

"Mphwanga, controller yako wabwera nayo?"

"Eya akulu, ili m'chikwamamu."

"Taitulutsa, uitembenuze. Tiyambire kumbuyo."

Kumbuyo kwa DDJ-400 kulibe zambiri: mabowo awiri a RCA otulutsira master, bowo la maiki, ndi la USB. "Nanga kabokosi kakoko udzakalumikiza pati?" Sindinayankhe, chifukwa m'mavidiyo onse amene ndinaonera kamera inkangoonetsa manja ali pamwamba, mawaya osaoneka.

Anandikokera pa mixer yake ya DJM-900NXS2 n'kundionetsa mabowo olembedwa SEND ndi RETURN. Nyimbo imatulukira pa SEND, n'kulowa m'kabokosi, n'kubwerera pa RETURN, ndipo umasankha wekha channel imene ukufuna ikhudzidwe. Mixer ina, Xone:92 ya Allen & Heath, ili ndi ma AUX awiri pa channel iliyonse, ogwira ntchito yofanana nayo. Ma controller otsika mtengo ngati yanga alibe zimenezi. Ndiye panatsala njira ziwiri. Ina ndi kuika kabokosi pakati pa controller ndi mixer yaikulu kuti nyimbo yonse izidutsa mmenemo. Zimatheka ndithu, koma kabokosiko kakazima kapena waya wake akagwedera, holo yonse ili chete, komanso maiki ya MC sikupindulapo kanthu. Inayo ndi kugwiritsa ntchito AUX ya pa mixer yaikulu, ma knob aja amene kwa zaka zonsezi ndinkangowasiya pa zero. AUX imatapako pang'ono pa channel imene wasankha n'kutumiza kunja, pamene nyimbo yeniyeniyo ikupitirira ulendo wake wopita ku masipika. Zotuluka m'kabokosi umazibweza pa channel ina yosagwira ntchito.

Apa ndi pamene ndinamva chinthu chimene chinasintha maganizo anga onse, ndipo ndikufuna ndichifotokoze bwino. Ma effects ali mitundu iwiri. Ena amawonjezera pamwamba pa nyimbo, monga echo ndi reverb, yomwe imamveketsa mawu ngati ali m'chipinda chachikulu. Ena amasintha nyimbo yeniyeniyo, monga filter, isolator yochotsa bass, ndi roll yobwereza kachidutswa. Owonjezera aja amakhala bwino kwambiri pa AUX. Osintha aja pa AUX ndi kutaya ndalama, chifukwa ngakhale uchotse bass m'kabokosi, bass ya nyimbo yoyambayo ikumvekabe m'masipika. Kuti agwire ntchito, nyimbo yonse iyenera kudutsa mwa iwo.

Masana onse ndinakhala ndikuseweretsa RMX-1000 ija pa zida zake. N'chinthu chokoma zedi. Ma knob atatu a isolator ndi aakulu, ofewa m'manja, ndipo kali ndi ka lever ka Release FX komwe ukakankha, zonse zimene unaunjika zimasungunuka nyimbo n'kubwerera mwakale. Pa amapiano, pamene ukufuna kukweza anthu m'mwamba log drum, bass yake yogunda ija, isanagwe, sindinagwirepo chinthu chokoma choposa pamenepo. Koma ili m'gulu lachiwiri lija, imafuna nyimbo yonse. Ndinadzifunsa moona mtima kuti pa zochitika khumi zimene ndimaitanidwa, zingati zili za m'kilabu? Mwina chimodzi. Zina zonse ndi za ma MC, ankhoswe ndi makeke. Ndiye pali mtengo. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, chilichonse chogulidwa ndi dola kapena randi chinakwera koopsa, ndipo ngakhale RMX-1000 yogwiritsidwapo kale ntchito inkafuna ndalama za maukwati angapo. Ndinaisiya pomwepo, mtima ukufunabe.

Kenako ndinayesa pedal ya gitala. Mnzanga amene amaimba gitala kutchalitchi ku Bangwe anandibwereka Boss DD-7 kwa sabata imodzi. Ma DJ ambiri akunja amachita zimenezi, ndipo nzeru yake inachokera kutali: akatswiri a dub ku Kingston m'zaka za m'ma 1970 ankatumiza mawu kuchokera pa mixer kupita ku makina a echo n'kuwabweza, chimodzimodzi ndi mmene ndinkafunira ine. Echo ya pedal ija inali yoyera bwino. Koma pedal inapangidwira gitala, imene mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi yotuluka pa mixer, choncho ndikangokweza AUX mawu ankang'ambika. Ndinachita kutsitsa kwambiri kuti zimveke bwino. Ma pedal ambiri amatulutsanso mawu oyamba aja pamodzi ndi echo, ndiye akakumana ndi a pa mixer nyimbo imamveka ngati ili mumgolo. Amene mukufuna njira imeneyi fufuzani kaye ngati pedal yanu ingatulutse echo yokhayokha, zomwe amazitcha kill dry. Adaputala yake ndi ya 9V, yokhala ndi negative pakati, ndipo mukaipatsa yotembenuka mutha kuiwononga. Chomwe chinandigwetsa ulesi kwenikweni ndi chakuti pedal amaipanga kuti izipondedwa ndi phazi. Kuidina ndi dzanja patebulo, uku dzanja lina lili pa fader, MC akukuyang'ana, sizinkayenda.

Sabata imeneyo sinapite pachabe, inandiphunzitsa masamu amodzi amene ndimagwiritsabe ntchito potchera nthawi ya echo. Ukagawa 60,000 ndi BPM ya nyimbo, kutanthauza ma beat ake pa miniti imodzi, umapeza kutalika kwa beat imodzi mu ma millisecond. Nyimbo ya 120 BPM imapereka 500. Amapiano ya 112 imapereka pafupifupi 536, ndipo magawo atatu mwa anayi a nambala imeneyi, 402, ndi amene amachititsa echo kudumphadumpha mokoma pakati pa ng'oma.

Korg Kaoss Pad, kabokosi kena ka ma effects, ndinkaidziwa kalekale koma ndinkaiona ngati choseweretsa. Yoyamba inatuluka mu 1999, ndipo mtundu wa KP3+ unatuluka mu 2013, uli ndi ma program 150. Chimene chinandikopa si ma program ambiriwo ayi. Ndi ka switch kakang'ono kolembedwa DIRECT mbali ina, SEND mbali ina. Ukakaika pa SEND, kabokosi kamatulutsa effect yokha popanda nyimbo yoyamba, zomwe ndi zofunika pa AUX. Tsiku lina ndikadzaitanidwa kukilabu ndingathe kukabweza pa DIRECT n'kugwiritsa ntchito ma filter ake. Pamwamba pake pali pad imene umangoikhudza ndi chala: ukakhudza effect yalowa, ukachotsa chala yaleka, n'kusiya kamchira kaja.

Kupeza kwake ndiye inali nkhani ina. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anaipeza mwachangu, n'kunena kuti aitumiza pa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ine ndikailandire ku Wenela. Ambiri amachita zimenezi ndipo zimawayendera, bola kukumbukira kuti pali za otumiza ndi msonkho wa pachipata. Ine ndinakana pa chifukwa chimodzi chokha: chinthu chakale cha pad yokhudza ndi chala sindingachilipire ndisanachikhudze. Ndinadikira mwezi wina wathunthu mpaka pa gulu lina la WhatsApp la oimba panatulukira munthu wa ku Ndirande amene ankagulitsa zida za situdiyo yake.

Ndinapita ndi foni, mahedifoni anga ndi waya wa RCA amene ndimamukhulupirira. Situdiyoyo inali kachipinda ka kuseri kwa nyumba, makoma omata makatoni a mazira, fani ikulira pakona. Kabokosi kanali ndi fumbi m'mphepete mwa ma knob ndipo penti inali itafufutika pafupi ndi batani la TAP. Ndinayendetsa chala pang'onopang'ono m'mbali zonse za pad, ngodya ndi ngodya, ndikuyang'ana ngati timagetsi tofiira tikutsatira chala osadumpha. Ndinatembenuza knob iliyonse ndikumvetsera ngati ikukwetekweta. Ndinagwedeza mawaya pa mabowo a RCA nyimbo ikulira, poti mabowo amenewa ndi amene amayamba kufa. Ndinakankha ka switch kaja uku ndi uku. Kenako ndinapempha kuti tikasiye kali koyaka theka la ola tikucheza, chifukwa matenda ena amaoneka chinthu chikatentha.

Tili mkati mocheza maso anga anagwera pa adaputala. Inali ya mano awiri a ku America, yolembedwa kuti imalandira 120V yokha, ndipo pansi pa tebulo panali thiransifoma yotsitsa mphamvu. Magetsi athu ndi a 230V, soketi zathu ndi za mano atatu. Ndikanangofika kunyumba n'kuilowetsa kukhoma kudzera pa ka pulagi kosinthira mano, bwenzi itapsa nthawi yomweyo.

"Achimwene, thiransifomayi ikupita nawo?"

"Ayi amwene, imeneyi ikugwira ntchito pa kiyibodi."

Tinagwirizana kuti atsitseko mtengo. Ku Limbe ndinapeza adaputala yolembedwa 100–240V, nditafananiza bwinobwino ma volt, ma amp ndi kachizindikiro ka positive ndi negative ndi zolembedwa pa kabokosiko. Komweko mnyamata wina wokonza mawailesi anandiwotcherera waya wa jack imodzi yaikulu mbali ino, ma RCA awiri mbali inayo, chifukwa AUX ya mixer yanga imatuluka pa bowo limodzi pamene kabokosi kamalandira pawiri.

Kunyumba ndinalumikiza zonse, n'kubweza kabokosi pa channel 11 ndi 12. Nditangokhudza pad masipika analira mluzu woboola m'makutu, ana a neba n'kuthamangira pazenera. Knob ya AUX ya pa channel yobwererayo inali yotsegula, ndiye echo inkadzitumiza yokha m'kabokosi mobwerezabwereza. Nditaitseka, ndinakumana ndi vuto lina: ndikatsitsa fader nyimbo inkamvekabe chapansipansi kudzera m'kabokosi. AUX inali pa PRE, kutanthauza kuti imatapa mawu asanafike pa fader. Iyenera kukhala pa POST, kuti ukatsitsa fader kutumiza kuleke, kutsale kamchira kokha.

Pa ma program 150 aja ndimagwiritsa ntchito atatu, amene ndinawasunga pa mabatani ake a memory: echo yaitali yodulira nyimbo, echo yaifupi ya mawu a MC, ndi reverb yopepuka ya kwaya. Auto BPM, yodzipezera yokha liwiro la nyimbo, imagwira bwino pa amapiano ndi afrobeats, koma pa manganje, pa nyimbo za makwaya ndi za mabandi akale zojambulidwa anthu akuimba pamodzi, imasochera, poti liwiro lake limasinthasintha. Pamenepo ndimangodina TAP kangapo motsatira ng'oma, nyimbo ikangoyamba.

Ukwati woyamba unali mu holo ina ku Limbe, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. MC atati "tadulani kaye," ndinakhudza pad pa liwu lomaliza la kolasi n'kutsitsa fader. Liwulo linabwerezeka kanayi likuzilala, amayi amene anali kutsogolo anamaliza sitepe yawo n'kuima akuseka, MC n'kuyamba kuitana akuchikazi. Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima. Jenereta itayaka, mixer ndi masipika zinadzuka nyimbo n'kupitirira pompo, chifukwa laputopu ndi controller zinali pa batire. Kabokosi kanali kakadali kozima ndipo palibe anazindikira. Ndinakayatsa pambuyo pake nditaona kuti jenereta yakhazikika.

Madzulo ake tikupakira, mmodzi mwa anyamata anga popukuta fumbi pa mixer anatembenuza ma knob angapo mosadziwa, kuphatikizapo ya AUX ya channel yobwerera ija. Ndinaibweza pa zero, n'kumatapo tepi yofiira. Kabokosi ndinakakulunga m'chitenje, adaputala yake ndi waya wa ku Limbe uja n'kuziika m'thumba lawolawo lolembedwa dzina.