Sabata yowerengera masiku a m'phiri

Ntchito yanga ndi yokonza maulendo a anthu amene akufuna kukwera mapiri koma m'thumba mulibe zambiri, ndipo ndimaigwira pa kampani yaing'ono ya zokopa alendo muno mu Harare, m'kaofesi ka zipinda ziwiri m'dera la Avenues. Makasitomala athu ambiri ndi ophunzira a m'makoleji, aphunzitsi amene ali pa tchuthi, ndi achinyamata ochokera maiko akutali amene amabereka chikwama chimodzi n'kumadutsa malire pa basi. Mwezi wa June timatanganidwa kwambiri chifukwa mvula imakhala itatha, njira za m'mapiri zitauma, ndipo aliyense amafuna kusungitsa malo a tchuthi cha August nthawi ikadalipo.

Lolemba ndinalandira atsogoleri a gulu la achinyamata a ku Mbare ndi Mufakose amene akufuna kukakwera phiri la Mulanje. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, makamaka m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pakati pa 1953 ndi 1963, ndipo ena sanapondeko ku Malawi ngakhale kuti agogo awo amawayankhula Chichewa kunyumba. Njira yotsika mtengo ndi ya pamtunda: kuchoka pa siteshoni ya mabasi ya Roadport m'mawa, kudutsa Mutoko mpaka pa chipata cha Nyamapanda, kulowa m'Mozambique pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutulukira pa Zobue ndi Mwanza, kenako Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 umene umadya tsiku lonse chifukwa cha mizere ya m'zipata. Titaika manambala pa pepala, anaona okha kuti basi, malo ogona ndi chakudya zikutenga gawo lalikulu, ndipo mmodzi anafunsa mwaulemu ngati sitingachotse tsiku limodzi la m'phiri pamodzi ndi onyamula katundu. Funso limeneli ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse, ndipo yankho langa silisintha: tikhoza kugona m'matenti m'malo mwa loji, tikhoza kudziphikira tokha, tikhoza kukwera minibasi kuchoka ku Limbe kupita ku Mulanje m'malo mochita hayala galimoto, koma masiku a m'phiri ndi anthu odziwa njira sitikhudza.

Nkhani yomweyo inabweranso Lachiwiri, koma pa phiri lalikulu kwambiri. Kunabwera bambo wina wa kwathu ku Malawi amene amagwira ntchito yowerengera ndalama muno mumzinda, atakonza kale pepala lake la ulendo wa ku Kilimanjaro, ndipo ndiyenera kunena kuti mbali ya mayendedwe anaiganizira bwino. Anafuna kukwera basi ya ku Lusaka kudzera pa Chirundu, kukapeza sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi, imene njanji yake ndi ya makilomita 1,860 mpaka Dar es Salaam, kenako basi ya ku Moshi, tauni ya m'munsi mwa phirilo. Pamene tinasemphana ndi pa masiku, chifukwa iwo anasankha njira ya Marangu ya masiku asanu, imene ndi yotchipa kuposa zonse, pamene ine ndinkafuna kuti awonjezerepo tsiku limodzi lopuma.

"Achemwali, ine ndimathamanga m'mawa uliwonse, ndipo Harare yemweyu ali pamwamba kale," anatero bamboyo. "Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi la anthu ofooka."

Ndinawayankha kuti, "Bambo, mphamvu za miyendo ndi kuzolowera kwa thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zambiri amene amadwala msanga ndi anthu amphamvu, chifukwa amakwera mothamanga." Kenako ndinawajambulira njirayo pa pepala. Usiku woyamba munthu amagona pa Mandara, mamita pafupifupi 2,700. Wachiwiri pa Horombo, pafupifupi 3,700. Wachitatu pa Kibo, pafupifupi 4,700, ndipo pakati pa usiku womwewo amadzuka kupita pa nsonga ya Uhuru, mamita 5,895, pamene mpweya umene munthu amakoka pa kupuma kumodzi uli pafupifupi theka la umene angakoke m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Malangizo a madokotala odziwa za mapiri amati munthu akapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita opitirira 500 pa usiku umodzi, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi pakhale tsiku lopuma. Njira ya masiku asanuyi imakweza malo ogona ndi mamita 1,000 usiku uliwonse, kuwirikiza kawiri muyeso umenewo. Harare ali pa mamita pafupifupi 1,500, ndipo zimenezi zimathandiza pang'ono, koma matenda a pamwamba amayamba kuonekera munthu akadutsa mamita 2,500: mutu wosamva mankhwala, nseru, kusafuna chakudya, kusowa tulo. Akakula, m'mapapo mumadzaza madzi kapena ubongo umatupa, munthu n'kuyamba kuyenda dzandidzandi ndi kuyankhula zosamveka, ndipo pamenepo chopulumutsa moyo ndi kutsika basi, ngakhale utakhala usiku. Mankhwala a acetazolamide amathandiza thupi kuzolowera msanga, koma ndinawauza kuti akambirane ndi dokotala wawo, ndipo asawaone ngati cholowa m'malo mwa tsiku lopuma pa Horombo.

Sindiwadzudzula anthu amene amafuna kudula tsikuli, chifukwa ndi lodula ndithu. Mlendo wochokera kunja amalipira madola 70 pa tsiku olowera m'paki ndi madola 60 pa usiku a kanyumba kogona, msonkho usanawonjezedwe, osawerengera malipiro a namulondola, wophika ndi onyamula katundu, ndipo lamulo la kumeneko sililola munthu kukwera yekha. Mtengo wotsika ndi wa nzika za maiko a East African Community, kotero pasipoti ya Malawi kapena ya Zimbabwe siithandiza kanthu. Koma munthu amene wasunga ndalama chaka chonse, nayenda masiku angapo pa basi ndi pa sitima, kenako n'kubwezedwa pa Kibo akusanza chifukwa anakana kulipira tsiku limodzi, ndiye amene waononga kwambiri. Bamboyo anapinda pepala lawo nanena kuti akaganizanso.

Lachitatu ndinapita ku kaunjika wa ku Mbare, cha ku Mupedzanhamo, pamodzi ndi dalaivala wathu wachikulire, amene tonse muofesi timawatchula kuti amalume ndipo ndi amene amaphikanso pa maulendo athu. Zovala za m'phiri zatsopano m'masitolo a ku Borrowdale mtengo wake ungathe kulipira ulendo wonse wa ku Mulanje, pamene m'mabelo a kaunjika mumapezeka majekete okhuthala, majuzi a ubweya ndi zipewa zochokera ku maiko ozizira, bola munthu akhale ndi maso ndi nthawi. Amalume amatembenuza chovala chilichonse kuti awerenge kachikwangwani kake, ndipo chikakhala cha thonje amachibweza pomwepo. "Mwanangu, thonje likanyowa limakumamatira ngati phala lozizira," anatero akubweza malaya ooneka bwino amene ndinali nditatola. Akunena zoona, chifukwa jinzi kapena malaya a thonje akanyowa ndi thukuta kapena mvumbi sauma msanga ndipo amachotsa kutentha m'thupi, pamene kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Nsapato zokha ndi zimene sindikonda kugula pa kaunjika popanda kupinda pansi pake mwamphamvu, chifukwa zambiri zimaoneka zatsopano koma guluu wake anauma kalekale.

Pa chakudya tinagwirizana msanga. Tidzanyamula ufa, matemba, nyama ya soya, chiponde, tiyi, shuga ndi maputi odyera m'njira. Nyemba zouma amalume anazikana, ndipo chifukwa chake n'chomveka: pamwamba madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 93 munthu akakhala pa mamita 2,000, kotero nyemba zimadya nkhuni ndi nthawi zimene gulu lotopa lilibe.

Lachinayi m'mawa ndinaimbira namulondola amene timagwira naye ntchito ku Likhubula, pamene njira zambiri zokwerera Mulanje zimayambira. Phiri limeneli ndi labwino kwa munthu wa ndalama zochepa chifukwa pamwamba pake, cha pa mamita 2,000, pali tinyumba togona monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, ndipo kalikonse kali ndi mlonda amene amathandiza ndi nkhuni ndi madzi, kotero munthu safunika kusenza tenti. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo ngakhale kuti ena amamva mutu kumeneko, choopsa chenicheni pa Mulanje ndi chiperoni. Nkhungu ndi mvumbi zochokera kum'mwera chakum'mawa zimatha kuphimba phiri m'kanthawi kochepa n'kukhala masiku angapo, miyala n'kuyamba kuterera, zizindikiro za penti zosonyeza njira osaonekanso, ndipo anthu amene anasowa pa phirili ambiri anali oyenda okha. Namulondolayo anandikumbutsa kuti namondwe wa Freddy, amene anagumula matope ndi miyala ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre mu March 2023, anasintha mitsinje ndi timawoloko tina, kotero mapu akale asadaliridwe kwambiri. Zofanana ndi zimenezi tinaziona kuno ku Chimanimani pambuyo pa namondwe wa Idai mu March 2019, pamene misewu ndi milatho yopita kumapiriko inakokoloka.

Tinakambirananso za malipiro a onyamula katundu, ndipo apa ndimaumirira kwambiri kuposa pa china chilichonse. Mlendo wofuna kusunga ndalama amayesedwa kutenga wonyamula mmodzi m'malo mwa awiri n'kumusenzetsa zikwama zonse, kapena kunenerera mtengo mpaka munthuyo avomere chifukwa cha umphawi. Ife timalemba malipiro awo m'mtengo wa ulendo kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi chakudya chawo ndi bulangete, kuti pasadzakhale zokambirana pa tsinde la phiri. Ndinalembanso m'kalata ya gululo kuti asagule timabokosi ta mkungudza timene timagulitsidwa m'mphepete mwa msewu, chifukwa mkungudza wa Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko la Malawi ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri lokhalo, watsala pang'ono kutheratu. Bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025, ndipo alendo akachuluka ofuna timabokosito achulukanso.

Lachisanu m'mawa linali la mapepala. Ndinaona ngati mapasipoti onse ali ndi miyezi yokwanira, ndinawalangiza kunyamula madola ang'onoang'ono osang'ambika chifukwa adzafunika meticais pang'ono pa Tete ndi makwacha akafika ku Mwanza, ndipo ndinawakumbutsa za malungo. Tete ndi malo otsika ndi otentha, kumunsi kwa Mulanje kulinso udzudzu, ndipo mutu umene wabwera ndi kutentha thupi patapita sabata kapena kuposerapo usanamiziridwe phiri. Munthuyo akayezetse magazi.

Masana a tsiku lomwelo tinanyamuka ndi gululo kupita ku Nyanga kudzera ku Marondera, Rusape ndi Juliasdale, chifukwa sitipititsa gulu latsopano ku Mulanje tisanaliyese pa phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse mu Zimbabwe, la mamita 2,592. Tinagona m'matenti m'paki, ndipo Loweruka m'mawa udzu unali woyera ndi chisanu, zimene zinaphunzitsa anyamata awiri amene anabwera ndi bulangete limodzi lopyapyala kuposa mmene mawu anga a Lolemba anachitira. Tinayamba kukwera m'mawa ndithu pamodzi ndi namulondola wa m'pakiyo, chifukwa nkhungu ya pa Nyangani imakonda kubwera dzuwa likapendeka. Kukwerako sikutenga maola ambiri, koma kumaonetsa zonse zimene ndimafuna kudziwa: amene amathamangira kutsogolo n'kusiya anzake, amene amaiwala kumwa madzi kukazizira, ndi amene amabisa kuti akuvutika. Mtsikana wina amene anzake ankamukayikira anayenda mofatsa osaima mpaka pamwamba, pamene mnyamata wosewera mpira anafika ali wefuwefu atagwira mutu. Nsapato ya mtsogoleri wawo inamatuka pansi potsika, amalume n'kuimanga ndi chingwe cha tenti kuti afike pa galimoto.

Titabwerera ku Harare Lamulungu madzulo, atsogoleriwo anakhala nane m'galimoto momwemo n'kutsegulanso pepala la ndalama. Anachotsa usiku wa pa loji ku Blantyre, chifukwa mmodzi wa iwo ali ndi azakhali ku Ndirande amene avomera kuwasunga, ndipo ndalamazo anaziika pa usiku wachiwiri pa Chisepo, kuti chiperoni chikawatsekereza tsiku loyamba adzathe kudikira n'kuyesanso Sapitwa m'mawa mwake. Zotsala zinakwanira wonyamula katundu mmodzi wowonjezera ndi nsapato zina za mtsogoleriyo, zimene amalume akazisankha okha ku Mbare Lachitatu likubwerali.