Ku Martinsville milandu imamvekera pa wailesi

Bwalo la mipikisano ya magalimoto la Martinsville lili pa kamudzi ka Ridgeway, m'chigawo cha Virginia ku America. Njira yachidule ndi kutera pa bwalo la ndege la Greensboro ku North Carolina, kubwereka galimoto, n'kutsata msewu wa US 220 kulowera kumpoto. Tsiku wamba ndi ulendo wa ola limodzi, koma tsiku la mpikisano muwonjezerepo ola lina chifukwa msewu umadzaza kuyambira m'mawa. Ife tinali kumeneko pa 3 Novembala 2024. Mukapita mwezi umenewu tengani jekete, dzuwa likangolowa kumazizira zedi.

Bwaloli ndi lakale, linatsegulidwa mu 1947, ndipo ndi lalifupi kuposa ena onse amene NASCAR, bungwe loyendetsa mipikisano imeneyi, imachitirapo mipikisano ya mapointi ya gulu lalikulu la Cup. Kuzungulira kamodzi ndi mamita pafupifupi 846 basi. Lili ndi misewu iwiri yowongoka ya phula ndi makona awiri othina a konkire, opendekeka madigiri 12 okha. Kona iliyonse amaiwerenga ngati makona awiri, n'chifukwa chake amatchula kona yoyamba mpaka yachinayi. Mpikisano wa tsikulo unali wozungulira ka 500, kutanthauza kuti dalaivala amaponda mabuleki mwamphamvu ka 1,000. Kukayamba kuda mumaona zitsulo za mabuleki akutsogolo zitafiira ngati makala. Wopambana salandira chikho, amalandira wotchi yaikulu yathabwa yoimika pansi, mwambo umene unayamba mu 1964. Chakudya cha pamenepo ndi hot dog yofiira ya madola awiri, ndipo anthu amagula zinayi kapena zisanu nthawi imodzi.

Musanakhale pansi chitani zinthu ziwiri. Gulani zotsekera m'makutu, chifukwa phokoso la mainjini oposa 30 pa kabwalo kotere limamveka mpaka m'chifuwa. Kenako bwerekani kawailesi kotchedwa scanner pamodzi ndi mahedifoni ake. Mukalemba nambala ya galimoto mumamva zonse zimene dalaivala akukambirana ndi mkulu wa amakaniko ake komanso spotter, munthu amene amaima pamwamba pa nyumba n'kumamuuza za magalimoto amene ali m'mbali ndi kumbuyo kwake. Wopanda kawailesi aka amangoona magalimoto akugundana. Amene ali nako amamva ngati zinali zangozi kapena zochita kupangana.

Pa bwalo lothina chonchi kupitirira mnzako popanda kumukhudza n'kovuta, choncho pali kugunda kololedwa. Wakumbuyo amafika pa kona, n'kukhudza bampala ya wakutsogolo nthawi imene uja akuponda mabuleki. Matayala akumbuyo a wakutsogoloyo amataya mphamvu yogwira pansi, galimoto imatsetserekera kunja pang'ono, ndipo wakumbuyo amalowa chamkati. Zimenezi akuluakulu a NASCAR sazilanga. Ngongole yake imabwezedwa pa bwalo pomwepo, nthawi zina patapita milungu.

Vuto limayamba kubwezako kukapitirira muyezo. Pa 1 Novembala 2015 Matt Kenseth, galimoto yake itaphwanyika kale ndipo atatsalira kumbuyo ndi maulendo angapo ozungulira bwalo, anadikira Joey Logano amene ankatsogola, n'kumukankhira kuchipupa pa kona yoyamba. Ankabwezera zimene Logano anamuchita ku Kansas milungu iwiri m'mbuyomo. Anthu a m'mipando anakuwa mokondwera, koma Kenseth anamuletsa mipikisano iwiri. Mtundu wina umene amaulanga kwambiri ndi kukola galimoto ya mnzako cha ku tayala lakumbuyo la kumanja pa liwiro lalikulu. Galimoto yokoledwa choncho imatembenukira kumanja n'kumenya chipupa ndi mphuno, dalaivala osatha kuchitapo kanthu. Bubba Wallace anamuletsa mpikisano umodzi atachita izi kwa Kyle Larson ku Las Vegas mu 2022, ndipo Chase Elliott naye chimodzimodzi atakola Denny Hamlin ku Charlotte mu 2023. Kukana masiku ano n'kovuta, chifukwa galimoto iliyonse imasunga mmene dalaivala anakhotetsera chiwongolero, mmene anapondera mafuta ndi mabuleki, sekondi ndi sekondi.

Mukamasankha mpando, sankhani moyang'anana ndi kona yachitatu ndi yachinayi, mizere yam'mwamba. Apa ndi pamene Ross Chastain, mwana wa alimi a mavwende a ku Florida, anachita zodabwitsa pa 30 Okotobala 2022. Pa ulendo womaliza anali wa nambala 10 ndipo ankafunika kupitirira magalimoto awiri kuti alowe m'gulu la anayi okalimbirana ukatswiri. M'malo moponda mabuleki, anaika giya ya nambala 5, n'kutsamiritsa galimoto kuchipupa, mafuta ali pansi. Chipupacho ndi chimene chinamukhotetsa. Anazungulira m'masekondi 18.845 pomwe anzake amatenga pafupifupi 20, ndipo anamaliza wachisanu, patsogolo pa Hamlin. Tsiku limenelo panalibe amene anamulanga. Mu Januwale 2023 NASCAR inalengeza kuti wobwereza zimenezi adzalangidwa pansi pa lamulo la chitetezo. Chifukwa chake n'chomveka mukaona malowo ndi maso: pa chipupa chimenecho pali geti, ndipo chitsulo chilichonse chothothoka chikhoza kuulukira kwa anthu.

Tsopano za tsiku lathu. Ndondomeko ya chaka chimenecho inali yoti madalaivala 8 otsala achepetsedwe kukhala anayi pa mpikisano uwu, ndipo malo aliwonse amene munthu wataya ndi pointi imodzi. Ryan Blaney anali atatsogola ndipo anapambana bwinobwino. Nkhani inali kumbuyo kwake. William Byron, woyendetsa Chevrolet, matayala anali atamuthera ndipo ankabwerera m'mbuyo, atangotsala ndi pointi imodzi pamwamba pa Christopher Bell wa Toyota. Kumbuyo kwa Byron kunafika Austin Dillon ndi Chastain, onse a Chevrolet, onse othamanga kuposa iye. Koma anangoyenda mogundizana mapewa, wina mkati wina kunja, osamupitirira, n'kutseka njira kwa aliyense wobwera m'mbuyo. Ulendo woyamba mukhoza kuganiza kuti akulimbana okhaokha. Zikachitika maulendo angapo, ndiye pa wailesi ya timu ya Dillon mukumva akufunsana ngati a galimoto nambala 1, ya Chastain, akudziwa zimene zagwirizanidwa, simufunikanso wokuuzani.

A Toyota nawo sanagone. Wallace anayamba kuyenda pang'onopang'ono, akunena kuti tayala likuphwa. Pa ulendo womaliza Bell anamupitirira polowa kona yachitatu, koma analowa mothamanga kwambiri, anatsetsereka n'kumenya chipupa, ndipo anapitiriza atatsamira pomwepo mpaka kutuluka kona yachinayi. Pointi imeneyo inamufananitsa ndi Byron, ndipo pa kufanana Bell ndi amene akanalowa m'gulu la anayi. Madalaivala awiriwo anaima pafupi ndi magalimoto awo pafupifupi theka la ola, ife m'mipando tikungoyang'ana bolodi lalikulu. Chigamulo chinali choti Bell waphwanya lamulo lija la chipupa, anamubweza m'mbuyo, ndipo Byron analowa m'gulu la anayi.

Patangopita masiku awiri zilango zinatuluka. Dillon, Chastain ndi Wallace analipitsidwa madola 100,000 aliyense ndi kulandidwa mapointi 50, matimu awonso chimodzimodzi. Anthu 9, kutanthauza mkulu wa amakaniko, spotter ndi bwana mmodzi pa timu iliyonse, anawaletsa mpikisano womaliza ku Phoenix. Kwa ine chigamulochi chinali chopendekera. Bell analangidwa pompopompo pa chinthu chooneka ndi maso, pomwe Byron, amene anatetezedwa ndi magalimoto awiri, anapita kukalimbirana ukatswiri. Ena amati Byron sanapemphe aliyense kuti amuteteze, ndipo n'zoona kuti iye sanalangidwe. Koma ku Richmond mu 2013, Clint Bowyer atazungulitsa galimoto yake kutatsala maulendo 7 kuti athandize Martin Truex Jr., timu ya Michael Waltrip inalipa madola 300,000 ndipo Truex, wothandizidwayo, anamuchotsa m'gulu la olimbirana ukatswiri. Nawonso umboni wake unachokera pa wailesi.

Pa scanner musamangomvera dalaivala amene mumamukonda. Kukatsala maulendo 30, sinthirani kwa amene ali pa malire a mapointi komanso anzawo oyendetsa galimoto za kampani imodzi, makamaka amene alibe chilichonse chotaya. Mverani spotter akayamba kutchula mapointi a munthu wina m'malo mwa magalimoto amene ali pafupi.

Mbendera yomaliza ikagwa musathamangire ku galimoto yanu, chifukwa mungokakhala pa mzere ola lathunthu. Komanso zimene zili pa bolodi sizomaliza mpaka magalimoto atayezedwa. Mu 2022 Brad Keselowski anamaliza wachinayi pa bwalo lomweli, koma galimoto yake itapezeka yopepuka kuposa lamulo anamuchotsa, ndipo Chastain anakwera kukhala wachinayi anthu ambiri ali kale pa US 220.