Bwanamkubwa wa makilo 6.5

Lachitatu usiku, magetsi azima, kutentha kwa Okutobala sikukulola tulo. Za lero zambiri zapita, koma mawu amodzi akundizungulirabe m'mutu, ndipo mwini wake sindinamuone n'komwe, ndangomumva pa foni.

Mayi ena a ku Area 47 anabwera kuno ku chipatala cha ziweto ndi mphaka wamwamuna m'dengu lovundikira ndi chitenje. Ana kunyumba amamutchula Bwanamkubwa. Dandaulo lawo silinali kunenepa ayi. Amati ubweya wa pamsana chakumchira wapotana, wachita mfundomfundo, ndipo mphakayo wayamba kafungo. Pa sikelo anakwana makilogalamu 6.5. Nditawauza kuti ubweyawo wapotana chifukwa mwini wake sakuthanso kupinda thupi kuti adzinyambite kumeneko, anaseka. "Adokotala, komatu kumeneko ndiye kudya bwino. Mlendo aliyense amamuyamikira." Ndi mmene tilili. Kaya ndi mwana, kaya mbuzi, kaya munthu wangoyamba kumene ntchito ku Capital Hill, akanenepa timati zikuyenda.

Ndinawapempha kuti atambasule dzanja lawo n'kusisita kuseri kwake, pamene pali mafupa opita ku zala. Mafupawo amamveka bwino pansi pa kachikopa kofewa, ndipo nthiti za mphaka wa thupi loyenera zimamveka choncho. Mukafumbata nkhonya mafupa aja n'kutuluka, ndiye mphaka woonda. Mukatembenuza dzanja n'kugwira chikhatho m'munsi mwa zala, pomwe fupa muyenera kulisaka, ndiye wonenepa. Ataika dzanja pa Bwanamkubwa anasaka nthiti mpaka kukanikiza, osazipeza. Kumuyang'ana kuchokera pamwamba, chiuno palibe, thupi langoti bulunge ngati dzungu. Pa muyeso wathu woyambira 1 mpaka 9, pomwe 5 ndiye thupi labwino, iye ali pa 8. Sitepe iliyonse yopitirira 5 imatanthauza kuti kulemera kwaonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100, choncho iyeyu wapitirira ndi magawo 30. Mukagawa 6.5 ndi 1.3 mupeza makilogalamu 5, ndiko kumene akuyenera kubwerera.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa anthu amasokoneza. Kachikopa kolendewera kumimba pafupi ndi miyendo yakumbuyo, kamene kamagwedezeka mphaka akamathamanga, si umboni wa kunenepa, ngakhale amphaka oonda ali nako. Komanso mimba yaikulu pamene msana ndi nthiti zili mafupa okhaokha si mafuta. Mwina ndi njoka za m'mimba, mwina bere, mwina madzi adzaza m'mimba, ndipo ameneyo mukamuchepetsera chakudya mukumupha.

Kenako foni inalira, bambo akunyumba. Mayi anaika mokweza kuti nanenso ndimve. "Ngati wanenepa, vuto lili pati? Mumutsekere kosungira chimanga sabata yathunthu osamupatsa kanthu, agwire makoswe. Atuluka ali bwinobwino."

Mawu ake ndi amenewo. Bambowo sanalankhule mwankhanza, amaona ngati ndi nzeru wamba, ndipo n'zimene zikundivutitsa. Mphaka wonenepa akakhala osadya, thupi limatulutsa mafuta ambiri nthawi imodzi n'kuwatumiza ku chiwindi kuti asanduke mphamvu. Chiwindi cha mphaka sichitha kuwagaya mwachangu chotero, ndiye mafuta aja amadzazana m'menemo mpaka chimalephera ntchito. Zimatha kuyamba patangopita masiku ochepa. Mphaka amafooka, amasanza, amachucha dovu, nkhama ndi m'kati mwa makutu zimachita chikasu, ndipo chakudya amachikaniratu ngakhale mutamuikira chambo pamphuno. Akafika apo amadyetsedwa kudzera mu kapaipi kwa masabata angapo, ena osapulumuka. Lamulo lake ndi lakuti mphaka wonenepa akatha masiku awiri osadya, pa chifukwa chilichonse, athamangire naye kwa dokotala wa ziweto. Wonenepa ndi amene njala imamupha msanga kuposa woonda, ngakhale zikumveka zozondoka.

Foni itadulidwa tinatenga pepala. Chakudya chimawerengedwa potengera kulemera kumene tikufuna, osati kumene ali nako lero. Pa kakyuleta ya pafoni: 5 kuchulukitsa ndi 5 kuchulukitsanso ndi 5, yankho 125. Dinani chizindikiro cha √ kawiri, mupeza 3.34. Chulukitsani ndi 70, mupeza makalori 234, mphamvu imene mphaka wa makilogalamu 5 amafuna pa tsiku akungopuma. Kuti atsike timayambira pa magawo 80 pa 100 a nambala imeneyo, makalori pafupifupi 187. Chakudya chouma cha m'mapaketi nthawi zambiri chimakhala ndi makalori pakati pa 350 ndi 400 pa magalamu 100, nambala yeniyeni muione pa paketi panu. Chawo chinali cha 380, ndiye chakudya cha tsiku lonse ndi magalamu 50 basi.

Ndinayeza magalamu 50 n'kuwaonetsa. Anangoti "Iii, adokotala, kameneka?" Kapu imene amatungira kunyumba anali nayo m'chikwama, ndipo titaidzaza inalemera magalamu 110. Amathira yodzaza m'mawa uliwonse, mbale ikachepa wantchito amaonjezera. N'chifukwa chake kapu sindiikhulupirira. Dzanja la munthu wachifundo limatunga mosefukira, ndipo magalamu 10 opitirira pa mphaka uyu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a chakudya chake chonse. Kasikelo ka kukhitchini ka mabatire, kamene amayezera ufa ophika makeke, ndiko kofunika.

Kuchoka pa 110 kufika pa 50 si kwa tsiku limodzi. Muzichotsa pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu. Ngati mukusinthanso mtundu wa chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale kwa masiku 7 mpaka 10, chifukwa mphaka ndi wamakani, akhoza kungonyanyala kudya, ndiye tabwerera ku chiwindi kuja. Chilipo chakudya chopangidwira kuchepetsa thupi, cha zomanga thupi zambiri ndi makalori ochepa, ndipo n'chabwino chifukwa mphaka amataya mafuta osati minofu. Koma n'chochokera kunja, n'chodula, ndipo mwezi uno chipezeka mwezi wamawa ayi. Chakudya chofewa cha m'timapaketi kapena m'zitini chimathandizanso, popeza magawo atatu mwa anayi ake ndi madzi, mimba imadzaza ndi makalori ochepa.

Nditafunsa kuti amamudyetsa ndani, mpamene nkhani inatalika. Mayi amathira m'mawa. Wantchito amaonjezera masana. Ana amamuponyera chikopa cha nkhuku pansi pa tebulo. Alonda amamugawira nsima ya usipa usiku. Ndipo agogo, apongozi awo a mayiwa, amamuthirira mkaka m'kambale nthawi ya tiyi, m'mawa ndi madzulo. Aliyense payekha amati ndangomupatsa pang'ono. Mkaka wa ng'ombe mamililita 100 uli ndi makalori oposa 60, gawo limodzi mwa magawo atatu a tsiku lonse la Bwanamkubwa, komanso amphaka ambiri akuluakulu sagaya bwino mkaka, umawatsegula m'mimba. Nsima nayo mphaka sakuifuna, iye ndi wa nyama. Choopsa kwambiri ndi msuzi wa ndiwo zathu, chifukwa anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka, zophika kapena zaziwisi chimodzimodzi.

Njira imene imagwira m'nyumba ya anthu ambiri ndi kabotolo kamodzi. M'mawa munthu mmodzi ayeze magalamu 50 n'kuika m'kabotolo kotsekera. Aliyense wofuna kudyetsa mphaka atenge m'menemo, kangapo patsiku, katatu kapena kanayi. Kakatha, kwatha mpaka mawa. Zapadera zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi, monga kanyama ka nkhuku yowiritsa kopanda chikopa ndi mchere, magalamu 10, ndipo tsiku limenelo muchotse magalamu 5 m'kabotolo. Musungeko pang'ono kodyetsa pokagona, apo ayi cha m'ma folo m'bandakucha akhala akulira pakhomo la kuchipinda, ndipo ambiri amagonjera pamenepo.

Mayi anafunsa ngati kumufula ndiko kunalakwika. Ayi. Mphaka akafulidwa kapena kutsekedwa, njala imakula pamene mphamvu imene thupi likufuna imatsika ndi pafupifupi kota. Cholakwika n'chakuti mbale inakhalabe yomweyo. Kuonjezera apo amakhala mu mpanda, kutentha kuno amangogona pa simenti. Nthenga za nkhuku zomangirira ku chingwe, mphindi zisanu kawiri kapena katatu patsiku, makamaka m'mawa ndi madzulo kukazizira, zimamudzutsa. Chakudya chouma mutha kuchimwaza m'mabowo a thireyi ya mazira, kapena kuchiika m'botolo la pulasitiki loboola timabowo kuti azichigubuduza. Akayamba kupumira kukamwa mwawefuwefu, siyani, apume.

Kuyeza ndi masabata awiri aliwonse, sikelo yomweyo. Ya kubafa siiona magalamu ochepa, bola ija yopachika ya manambala imene amayezera mbewu ogula m'misika, mphaka ali m'chikwama, kenako muchotse kulemera kwa chikwamacho. Tikufuna azitaya pakati pa theka ndi gawo limodzi pa 100 pa sabata, kwa iyeyu magalamu 30 mpaka 65. Akapitirira magalamu 130 pa sabata wathamanga kwambiri, muonjezere chakudya. Akaima mwezi wathunthu, yambani mwafufuza amene akumupatsa mobisa, kuphatikizapo a nyumba yoyandikana, musanachotse magalamu ena 5. Kuti afike pa makilogalamu 5 ndi miyezi isanu ndi umodzi zikayenda bwino, mwinanso chaka.

Anapumira m'mwamba atamva chaka. Ndinawakumbutsa za mbali inayo: matenda a shuga, amene amafuna jakisoni wa insulin kawiri patsiku, mankhwala osungidwa mu firiji, ndi magetsi athuwa. Nyamakazi, imene yayamba kale kuoneka poti sakudumphiranso pa zenera. Ndi kutsekeka kwa mkodzo, kumene kumakonda amphaka aamuna onenepa. Akamapitapita kokodza, kulira, osatuluka kanthu, si za mawa, ndi za ola lomwelo. Komanso akayamba kuonda yekha, uku akumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, musasangalale, akayezedwe shuga.

Mfundo za ubweya tinazimeta. Pepala analipinda n'kuika m'chikwama pamodzi ndi kapu ija. Mayiwa akuti akafotokozera bambo za chiwindi, ana ndi alonda akuti savuta. Ali pakhomo anatembenuka. "Nanga apongozi anga ndikawauza bwanji kuti asiye mkaka? Mphakayu ndi amene amacheza nawo tsiku lonse ife tikapita ku ntchito." Ndinati kabotolo kaja kazikhala m'manja mwa agogowo, iwo ndiwo azigawa. Anagwedeza mutu, koma sindinathe kuona ngati kunali kuvomera kapena kungondilemekeza. Tapangana Lachitatu la sabata ya mkuja.