Mtembo wa shuga

M'gulu lathu la opanga mafilimu pa Dedza boma muli zipani ziwiri, ndipo ukangolowa amayamba akufunsa mbali yako asanakufunse dzina. Chipani china chimati chilichonse chooneka mufilimu chikhalepo ndithu pamaso pa kamera: utsi ufuke, mvula ithiridwe ndi keni, bala liumbidwe ndi manja. Chinacho chimati ingojambulani, zotsalazo tikaikira pa kompyuta. Mtsogoleri wa achikompyutawa ndi msuweni wanga, mwini laputopu yokhayo m'gulumo, yemwenso anandikokera kumeneko poona kuti ndimajambula maukwati ndi foni.

Ndinawapeza manyazi asanawathere. Filimu yawo yapitayo anaijambulira patsogolo pa nsalu yobiriwira ija amati green screen. Pulogalamu monga CapCut kapena KineMaster imafufuta chobiriwira chonse n'kuikapo chithunzi china. Mtunduwu anausankha chifukwa uli kutali ndi khungu la munthu, komanso kamera za masiku ano zimauona bwino kuposa mitundu ina. Koma pulogalamu siidziwa kuti iyi ndi nsalu, awa ndi malonda. Mtsikana wosewera mayi wageni anasenza dengu la kabichi wa ku Lizulu, ndipo filimu potuluka anali atasenza mzinda wa Johannesburg, maminibasi akudutsa m'dengumo.

Filimu yatsopano inali ya mnyamata wovulazidwa ndi achifwamba pochokera kogulitsa kachewere. Pankafunika magazi. Msuweni anatsegula laputopu n'kutionetsa ake: banga lofiira limene linkatsalira m'malere munthu akatembenuka. Apo m'pamene ndinatsegula pakamwa. Ndinati magazi a pa kompyuta salowerera m'malaya, sanyezimira dzuwa likawomba, ndipo amafuna kuwalondoletsa thupi la munthu paliponse pamene lasuntha. Ndinawauza kuti mu 1960 Alfred Hitchcock anathira chokoleti chamadzi mu Psycho, ndipo poti filimuyo inalibe mitundu, anthu anaona magazi. Ndinatchulanso Dick Smith, amene anakonza nkhope za osewera mu The Godfather, kuti ake ankasakaniza manyuchi a chimanga ndi utoto wa zakudya. Zonsezi ndinali nditazimva pa YouTube dzulo lake, koma ndinazinena ngati ndinali nawo kumeneko.

Adairekita anagwedeza mutu. "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Magaziwo mupanga ndinu, achimwene. Kufanso mufa ndinu."

Ndinawiritsa shuga wabulauni mpaka atayamba kunanda, n'kuthiramo utoto wofiira wa mafirizi. Kufiira kokhakokha pa kamera kumaoneka penti, choncho ndinawonjezera koko kuti adere. Anatuluka magazi oti ngakhale ine mwini kuwayang'ana m'chigubumo thupi linachita tsembwe.

Malo ndinasankhanso ndine: kanjira kotsikira ku madimba kuseri kwa Bembeke, kufupi ndi mudzi wa kwawo kwa bambo anga. Unali mwezi wa Julayi, ndipo adairekita ankafuna nkhungu ya m'mawa, yomwe kwathu kuno timaipeza yaulere pamene ena amaigulira makina. Ankafunanso chithunzi chapatali, munthu aoneke kachinthu kakang'ono kotayidwa m'njira. Motero foni, adairekita ndi gulu lonse anakabisala kuseri kwa mulu wa mapesi, kutsidya kwa munda. Anandithira chigubu chonse kuyambira kumutu mpaka pachifuwa. Lamulo linali limodzi: osagwedezeka, osatsegula maso, mpaka nditamva wezulo. Mtsikana wathu uja afika, akuwa, basi tamaliza.

Kuzizira kwa Dedza mumakudziwa muli m'jekete. Kuyeseni mutagona pansi, malaya atanyowa ndi manyuchi.

Posakhalitsa ndinamva mapazi, kenako mfuu. Mumtima ndinati koma mtsikanayu ali ndi luso, kulira kochokera m'mimba chonchi anakuphunzira kuti? Kenako panakuwa wachiwiri. Wachitatu anagwetsa china chake cholemera. M'sewero lathu wolira anali mmodzi.

Anali amayi a m'mudzimo, akukwera kuchokera ku dimba ndi madengu a kachewere.

Ndinatchera khutu kudikira wezulo. Zii. Pambuyo pake adairekita anandiuza, opanda ndi manyazi omwe, kuti wezuloyo inali kale pakamwa, koma ataona pa foni amayi akugwira m'mutu nkhungu ikuwazinga, anaitsitsa. Olira enieni, osalipidwa, ungawapezenso kuti?

Wina anandifunditsa chitenje kumaso. Mudzi unatsika. M'chitenjemo nyerere zinali zitayamba kale ntchito, zina m'khosi, zina kulunjika kukhutu, ndipo galu wina anandipeza padzanja n'kuyamba kunyambita mwachidwi mpaka anamugenda. Ndiye wina anavundukula pang'ono, n'kutchula dzina la bambo anga.

Azakhali anafika akulira kuchokera kumtunda.

"Mayo ine! Mwana wa mlongo wanga! Wandisiya ndi yani ine! Dzana lomweli unadya nsima pakhomo panga! Unati azakhali ndibwerekeni ya feteleza ndigule foni, ndibweza mvula isanagwe! Nanga mvula ikagwa ndithira chiyani ine, mayo!"

Munthu aliyense ayenera kufako kamodzi kuti amve zimene abale amamusungira. Abambo anaima chapambali n'kumayankhula motsitsa, koma pansi mawu amamveka bwino. Wina anati anali mwana waulemu, kungoti khasu ankaliona ngati mdani. Wina anati mafoni awa atithera ana. Wina anafunsa ngati nsapatozo zili ndi mwini. Ndinamvanso akutuma mnyamata wa kabaza kuti athamangire ku boma akauze amayi anga, ndipo apo ndinafuna kudzuka ndithu. Koma mudzuka bwanji pakati pa anthu amene akulirirani kale chonchi? Mphindi iliyonse imene ndinkachedwa, kudzukako kunkakwera mtengo.

Amene anandipulumutsa, kapena kundimaliza, ndi mkulu wa mpingo wina amene amadziwika kuti anagwirako ntchito yolondera pachipatala. Anapempha anthu kuti apatuke. Anavundukula chitenje pachifuwa, n'kukhala chete nthawi yaitali.

"Abale, taonani nyererezi. Ine ndaona ovulala ambiri. Magazi a munthu wabwinobwino nyerere siziunjikana chonchi. Komanso taonani mmene akumatira. Uyu ndi shuga. Achifwambawo angomalizitsa, koma mwanayu anali atapita kale."

Anthu anati hmm. Azakhali anasiya kulira, n'kumina.

"N'zoona abambo. Tiyi ankathira masupuni asanu, ine ndikuona."

Ndinayesa kuluma lilime. Ndinayesa kuganiza za ngongole. Phwete linatulukira m'mphuno, chitenje chinadumpha, ndipo poti zinali zitaipa kale ndinangokhala tsonga n'kunena kuti, "Anali atatu, azakhali."

Sindinaonepo mudzi ukutha msanga chonchi. Mkulu wa mpingo analumpha mizere itatu ya mbatata osaponda pakati, chipewa chikumutsatira m'mbuyo. Madengu anagubuduka, kachewere n'kumatsika yekha kubwerera ku dimba. Wa nsapato uja anakagwera mu mulu wa mapesi, kumene anapeza anthu ena asanu atanjuta ndi foni, ndipo anakuwa kachiwiri. Anatsala ndi galu ndi azakhali basi. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, uli moyo?"

"Eya, azakhali."

"Ndiye feteleza wanga ali kuti?"

Apo m'pamene wezulo inalira.

Amayi anga ndinawaimbira pomwepo, manja akumata pa foni. Anakana kuyankha, ati nambala ya malemu. Anachita kuimba msuweni, ndipo anawapeza atayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba.

Madzulo tinali pabwalo kwa anyakwawa. Milandu inali iwiri: kujambula m'mudzi osagogoda kwa eni ake, ndi kuliritsa anthu maliro opanda mtembo. Nduna zinatchula mbuzi. Adairekita anagwada, n'kupereka foni kuti afumu aone okha kuti panalibe chiwembu. Afumu anaonera nkhope ili gwaa mpaka pamene mkulu wa mpingo ananyamuka. Anati bwezani pamenepo. Anabweza. Anati bwezaninso. Pomaliza anali akupukuta misozi ndi mpango, ndipo mbuzi inatsika n'kukhala nkhuku ziwiri, kuphatikiza kutolera kachewere yense. Kachewereyo ndinatola ndine, njuchi zikundiperekeza, poti dzuwa linali litaziuza kumene kuli shuga.

Amayi onse anavomera kuti nkhope zawo zikhale mufilimu. Anakana ndi azakhali okha. Kulira kwawo ati kunali bwino, ngakhale za fetelezazo zikhale momwemo kuti dziko lidziwe. Vuto linali chitenje. Tsikulo anavala chakudimba, chong'ambika m'mbali, ndipo sangaoneke nacho pa mafoni a anthu a ku Lilongwe. Anatembenukira kwa msuweni wanga, yemwe ndi mwana wawo.

"Si iwe umati kompyuta yako imaika chilichonse? Undiveke chija cha ku ukwati wa mng'ono wako."

Msuweni anayesa kufotokoza. Foni imajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi, ndipo iwo akulira kwa mphindi zitatu, ndiye kuti zithunzi 5,400. Kumbuyo kwawo kulibe nsalu yobiriwira, choncho chitenjecho ayenera kuchizungulira ndi dzanja, iwo akudzigwetsa, akudzuka, akugwira m'chiuno. Azakhali anamufunsa ngati sukulu anamulipirira kuti aziwawerengera manambala.

Wakhala akuchita ntchitoyo usiku uliwonse magetsi akakhalapo, laputopu itaikidwa pa njerwa ziwiri kuti ipume. Atatopa, anaganiza zoisiyira pulogalamu kuti izilondola yokha chiuno cha mayi ake. Sabata yatha anatiitana kuti tione. Poyamba zinayenda: azakhali akutsika mtunda, chitenje cha ukwati chikuwala bwinobwino. Kenako galu uja anadutsa kutsogolo kwawo, pulogalamu inasokonezeka, ndipo chitenje chinachoka pa azakhali n'kupita ndi galu mpaka kumapesi.

Adairekita akuti tisiye momwemo. Msuweni akuti amene akufuna zimenezo akawaonetse yekha.