Nyumba ya 4TB yopanda khomo

Pa ofesi pathu ku Area 3, ku Lilongwe, munthu wa makompyuta ndi mmodzi yekha, ineyo. Printa ikakana, amaitana ine. Foni ya bwana ikadzaza ndi zithunzi za ukwati, ine. Tsiku lina anandiitanira ketulo, ati poti nayo ili ndi waya. Koma chuma changa chenicheni chili m'kachipinda kamene kale ankasungiramo matsache: seva imodzi yakuda, kompyuta yoyendera Ubuntu (mtundu wa Linux), yosunga mafayilo onse a kampani, ndi pulogalamu ya malipiro yomwe.

M'mimba mwa sevayo munali ma disiki awiri a 1TB, omangidwa pa RAID 1. Amenewa ndi mapasa ovala zofanana: cholembedwa pa wina chimalembedwanso pa mnzake nthawi yomweyo, kuti wina akafa winayo apitirize ntchito osakhala pa maliro. Kuipa kwake, mapasa awiri a 1TB amakupatsa 1TB yomweyo basi, ndipo yathu inali itadzaza mpaka pakhosi. Nditadandaula kwa miyezi 6, bwana anagula awiri a 4TB, koma ndi chenjezo.

"Achimwene, musatiyambitsenso zonse pachiyambi ngati mnzanu analipo kale uja. Tinakhala masiku 3 tikulemba malisiti pamanja."

"Bwana, palibe choikanso kachiwiri. Ngakhale kuizimitsa sindiizimitsa."

Sindinkanama. Sevayo ili ndi timadirowa kutsogolo, moti disiki umaisolola makina akuyaka.

Lachisanu madzulo anthu ataweruka ndinagula tchipisi ndi Fanta, n'kudzitsekera m'kachipindamo. Ndinayamba ndakopera zonse pa disiki yapadera, pakuti RAID si backup. Ukafufuta fayilo molakwika, mapasa onse amafufutira limodzi mokhulupirika. Kenako ndinanamiza mdadm, pulogalamu yoyang'anira mapasawo, kuti disiki yachiwiri yamwalira, ndi --fail, n'kuichotsa pa mndandanda ndi --remove. Ndisanasolole dirowa ndinafananitsa serial number katatu, chifukwa maina akuti sda ndi sdb, amene Linux imapatsa ma disiki, salembedwa pa chitsulo, ndipo alipo anzathu amene anasolola wamoyo n'kusiya amene anamulengeza kale kuti wafa. Ine ayi. Ine ndine katswiri.

Disiki yatsopano ndinaigawa ndi GPT, njira yatsopano yogawira disiki, podziwa kuti MBR yakale ija imathera pa 2TB. Ndinasiyanso kagawo ka 1MB ka bios_grub, poti sevayo imadzuka mwachikale. Mukasunge kagawo kameneka m'mutu, tikapezananso. Ndinalamula --add, n'kukhala pansi kuonerera /proc/mdstat, posonyeza pamene kukopera kwafika, manambala akukwera ngati nkhono. Cha m'ma 9 koloko alonda anasuzumira pakhomo, ataona mmene ndinalili tcheru anaganiza kuti ndi mpira.

"Tikuwina, bwana?"

"Tili pa 43 peresenti."

"Limbani mtima," anatero, n'kutenga tchipisi zotsala.

Patatha maola awiri ndi kanthu zilembo ziwiri za U zinaoneka, kutanthauza kuti mapasa afanana. Ndinabwereza zomwezo ndi disiki inayo. Kenako mdadm --grow --size=max kuti RAID idziwe kuti nyumba yakula, ndi resize2fs kuti mafayilo nawo atambasule miyendo. Inaonetsa 3.6T. Opanga ma disiki amawerenga ndi 1,000 pamene kompyuta imawerenga ndi 1,024, koma mpaka lero bwana amandiyang'ana ngati 400GB ndinakagulitsa ku msika wa Tsoka. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinawalembera pa WhatsApp kuti zatheka, seva sinaphethire n'komwe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika Loweruka, ndipo anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Ali ndi kashopu ku Nsungwi, ku Area 25, kothirira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemore. Anaona ma disiki akale aja m'chikwama changa.

"Alamu, izi zikugwira ntchito yanji?"

Ndinali ndi ngongole yawo ya K40,000 kuyambira mu Epulo. Munthu wa ngongole sayankha mafunso otere momasuka. Ndinawapatsa onse awiri, osafufuta kanthu, malipiro a kampani yonse ali momwemo. Apa musandiweruze, ndinadziweruza kale.

Lolemba linali tsiku lotumiza malipiro ku banki. Nthawi ili 9 koloko magetsi anangoti thi! UPS, kabokosi kogwirizira seva magetsi akazima, inayamba kulira ngati mwanapiye, ndipo batire yake, imene ndakhala ndikuipempherera zaka ziwiri, inapirira mphindi 4. Woyatsa jenereta anali atapita ndi chigubu kukasaka dizilo. Seva zii. Magetsi atabwerera ndinadina batani mwaulemu wonse, mafani anazungulira, ndipo pa sikirini panabwera mawu atatu okha: No bootable device.

Thukuta linayambira kumsana. GRUB, kapulogalamu kamene kamadzutsa Linux, sikakhala m'kati mwa gawo la mapasa. Kamakhala kumayambiriro kwenikweni kwa disiki, kunja kwa mpanda, ndipo mdadm imakopera za m'kati mwa mpanda zokha. Kagawo ka 1MB kaja ndinakakonza bwinobwino, koma grub-install, lamulo loikamo GRUB, sindinailembe. Ndipo poti ndinkanyadira kusazimitsa seva, panalibe chondiulula mpaka tsiku la malipiro. Agogo anga akanangoti: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Yanga inali ya 4TB, katundu yense ali m'kati, ine ndili panja.

Mayi a ku akaunti anafika ali phee, kuopsa kwake n'komweko.

"Achimwene, malipiro apite isanakwane 3 koloko. Apo ayi, madalaivala mukawafotokozere nokha."

Madalaivalawo anali ataima kale pawindo, manja m'matumba.

Vutoli lili ndi mankhwala osavuta: fulashi ya Ubuntu, kudzutsira nayo makina n'kuika GRUB. Ndinali nayo, yofiira, sinkachoka m'chikwama. Nditaibaya pa laputopu ndinapeza nyimbo za kwaya 212. Ndinaimba foni kunyumba.

"Amake mwana, fulashi yanga yofiira ija munaigwirako?"

"Yokanika kuimba pa wailesi ija? Ndinawapatsa achimwene Loweruka anaikonza. Pano ikuimba bwinobwino. Simunathokoze n'komwe."

Kukoka ina pa intaneti? Makompyuta a pa ofesi amalandira ma IP address, manambala olowera pa netiweki, kuchokera ku seva yomwe yagonayo, ndipo bandulo yanga inali ndi 300MB pamene Ubuntu imaposa 1GB kutalitali. Foni ya alamu inali yozima. Khomo lokhalo lotsala pa dziko lapansi linali pa ma disiki akale, ku Nsungwi.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tikudutsa pa Area 18 mnyamatayo anacheuka.

"Bwana, kuli matenda?"

"Eya."

"Ndani?"

"Seva."

"Pepani kwambiri. Wamng'ono?"

"Zaka 7."

Kuchokera pamenepo anathamanga mwakuti mabampu tinkangowamva mbiri.

Ndinapeza alamu akugwedeza mutu, sipika ikugunda mpaka malata kunjenjemera. Disiki imodzi inali yolumikizidwa kale pa kompyuta yawo, yofomatidwa, yodzaza mafilimu a ku Nigeria ndi a karate omasuliridwa m'Chichewa. Miyendo inandithera mphamvu.

"Inayo ili kuti, alamu?"

"Zinthu zanu n'zovuta, alamu. Windows simaziona n'komwe. Iyi ndinalimbana nayo usiku wonse, inayo ndinangoti ndiiona mawa."

Anandilozera ndi mlomo. Inali pa shelefu, yotuwa ndi fumbi, itapsinja pepala la mitengo kuti lisauluke ndi mphepo: nyimbo 50, K500. Sindinakondepo ulesi wa munthu ngati tsiku limenelo. Nditatambasula dzanja anaigwira.

"Mphatso sibwerera, alamu. Koma ngongole imabwerera."

Ndinawatumizira K20,000 pafoni pomwepo. Ndinagula disiki ya kampani yanga, ndi ndalama zanga, kwa munthu amene ndinam'patsa ulere. Ndinaikulunga m'jekete n'kuifungata ngati dzira njira yonse, wakabaza akundifunsa ngati ndi mankhwala.

Ndinailowetsa m'dirowa lachitatu, n'kuuza BIOS, kapulogalamu koyamba kudzuka m'makina, kuti idzukire pamenepo. Mtima unali m'mwamba, chifukwa tsopano m'makinamo munali ma disiki atatu onena kuti ndi a banja limodzi, wina ali ndi nkhani za Lachisanu. Mwamwayi mdadm imasunga kawerengero pa disiki iliyonse kosonyeza amene ali ndi zatsopano. GRUB inatuluka, Linux inadzuka, n'kusankha awiri atsopano aja, nkhalambayo n'kuikankhira pambali itangomaliza kutitsegulira. Ndinalemba grub-install pa disiki yoyamba, kenako pa yachiwiri. Ntchito yonse imene inandiyendetsa mpaka ku Area 25 sinakwane mphindi imodzi. Ndinasolola yakaleyo n'kuyatsanso seva kawiri kuti nditsimikize, mayi a ku akaunti ataima kumbuyo kwanga, chikwama chili m'khwapa. Malipiro anapita 2:35. Madalaivala anachoka pawindo osandipatsa moni.

Madzulo bwana anandiitana. Ndinalowa nditakonzekera kulira.

"Mwagwira ntchito, achimwene. Koma ma disiki akale aja ali ndi malipiro a anthu onse. Bweretsani onse awiri tikatsekere mu sefa."

Ndinati inayo ndaisunga pabwino, ndibwera nayo mawa. M'mawa mwake ndinalawirira ku Nsungwi, kumene alamu analandira K20,000 yotsala ija, kuwonjezerapo K5,000 ya mafilimu, ati sangataye thukuta lawo pachabe. Bwana anatenga cholembera chachikulu, nalemba pa disiki iliyonse kuti MALIPIRO, CHINSINSI, n'kutseka sefa ndi makiyi awiri. Owerengera mabuku a kampani akubwera mu Januwale, ndipo bwana anena kale kuti adzawatsegulira zonse.